Bambo Cyprian Sakala ndi Njinga Yopepuka ya Mayi Tabeth

Akhristu a parishi yathu ya Guilleme amene anakaperekeza bambo Cyprian Sakala kumanda mwezi wathawu anamva zabwino zambiri za malemuwa. Koma pali chimodzi chimene olankhula onse anachilambalala, mwina chifukwa cha ulemu: bambo Sakala anali munthu wamantha. Eni akewo sankabisa. Ankakonda kunena kuti, "Ena Mulungu anawapatsa mtima wa mkango, ine anandipatsa wa nkhunda. Ndimutumikira ndi womwewo." Tikulemba moyo wawo pano chifukwa ambiri a ife mitima yathu ndi yotero.

Anabadwira m'mudzi wa Kanyerere, kutsidya kwa khwawa limene anthu a midzi ya kumadzulo amawoloka pobwera kumishoni, dziko lino lisanalandire ufulu. Bambo awo ankagwira ntchito m'minda ya fodya ku Chipata ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, choncho Cyprian ndi mkulu wake Kefasi analeredwa ndi mayi awo. Tsiku lina awiriwa akudyetsa mbuzi kudambo, mvula inawapezerera, ndipo anakabisala pansi pa mkuyu. Mphenzi inagwa pamtengopo. Cyprian atatsitsimuka anapeza mbuzi zitabalalika, mkulu wake atagona chafufumimba, osapuma. Kuyambira tsiku limenelo, kumwamba kukangoda, ankathamangira m'nyumba kukabisala.

Anaphunzira pasukulu ya mishoni mpaka pamene mayi awo anafooka, ndipo anasiya sukulu n'kutenga khasu. Atakula anakwatira Tabeth Nambewe wa ku Mavwere, mtsikana wa mawu okwera ndi manja olimba, amene ankamaliza mzere wake wa mtedza mwamuna wake ali pakati. Mulungu anawapatsa ana anayi, woyamba dzina lake Ivy. Ankalima chimanga ndi mtedza, ndipo analibe zambiri, koma mlendo sankachoka pakhomo pawo ndi njala.

Ansembe atawasankha kuti azinyamula Ukaristia kupita nawo kwa odwala, bambo Sakala anayamba akana. Ankaopa mitembo, ankaopa agalu a m'midzi ya eni, ankaopa mitambo. Koma anavomera, ndipo anapalasa njinga yawo m'midzi yonse ya kutsidya kwa zaka zambiri. M'zaka zija matenda a Edzi ankatha anthu, pamene ena ankaima pakhomo n'kumalonjera wodwala ali panja, iwo ankalowa, n'kukhala pamphasa, n'kumugwira dzanja. Pobwerera ankasanza m'tchire chifukwa cha mantha, mawa lake n'kupitanso. Pophunzitsa ana a katekisimu ankawauza kuti, "Mantha si tchimo ayi. Tchimo n'kuwapatsa chiwongolero."

Mtanda wawo waukulu unabwera ana atakula kale. Mayi Tabeth anayamba kudandaula msana, kenako miyendo inayamba kulemera, ndipo pofika kuchipatala anawauza kuti ndi TB ya msana imene inali itawononga kale mitsempha. Mankhwala anapha matendawo, koma miyendo sinadzukenso. Abale a ku Mavwere anabwera kudzanena kuti awatenge, poti mwamuna sangathe kusambitsa mkazi ndi kumutayira zonyansa. Bambo Sakala anayankha maso ali pansi.

"Pa guwa paja sindinalonjeze kwa miyendo yawo. Ndinalonjeza kwa iwowo."

Anaphunzira kuphika, kuchapa, ndi kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda. Amuna anzawo ankawaseka akawaona ndi ndowa pamutu kuchokera kumjigo, iwo n'kumangopitirira. Patapita nthawi anthu akufuna kwabwino anawapatsa njinga ya olumala, yakale, yachitsulo chokhuthala. Inali yotakata moti mayi Tabeth ankagwedezeka m'menemo ngati mbewu m'chikho, sinkapindika, ndipo mabuleki ake anali atatha kalekale. Komabe inali mphatso, ndipo Lamulungu lililonse bambo Sakala ankaikankha kutsika khwawa lija ndi kukwera tsidya lino, thukuta lili kamukamu, kuti akazi awo asaphonye Misa.

Zaka zinapita, ndipo wokankha uja anayamba kukalamba. Pachifuwa pankawagwira akakwera mtunda. Lamulungu lina m'nyengo ya mvula, atangoyamba kutsetsereka, bingu linagunda chapafupi, ndipo nthawi yomweyo chinthu chinawafinya pamtima ngati chingwe. Zala zawo zinamasuka zokha. Njinga ija inachoka m'manja mwawo n'kuyamba kuthamanga pamatope, ikulunjika kumadzi amene anali atasefukira. Anamva akazi awo akukuwa dzina la Yesu. Anafuna kuthamanga koma miyendo inakana. Njingayo inagunda mwala, n'kugudubuzika, ndipo mayi Tabeth anagwera m'mphepete mwenimweni mwa madzi, magazi akutuluka pachipumi. Bambo Sakala anafika pamalopo chokwawa. Anawagwira mutu n'kumaitana, koma kwa kanthawi ndithu mayiwo sanayankhe. Anthu amene ankabwera m'mbuyo ndiwo anawanyamula onse awiri.

Bala la mayi Tabeth linapola. Koma madokotala atawayeza bambo Sakala anawauza kuti mtima wawo watupa, ndipo asamanyamule kapena kukankha zolemera. Atabwerera kumudzi anatenga njinga yachitsulo ija n'kukaiponya kuseri kwa khola, ndipo ananena kuti akazi awo sadzatulukanso pakhomopo.

Miyezi imeneyo inali yowawa kuposa ina yonse. Bambo Sakala ankaona ngozi paliponse. Ankakana ngakhale kuwatulutsa pakhonde kuopa kuti angawagwetse. Ukaristia ankawabweretsera okha m'nyumba. Akamapalira kumunda, chithunzi cha njinga ikuthamangira kumadzi chinkawabwerera, ndipo ankaponya khasu n'kuthamangira kunyumba kukaona ngati mayiwo akupuma. Chimene chinkawadya koposa chinali funso limodzi: akayamba iwo kufa, adzawanyamula ndani? Mayi Tabeth, amene kale mawu awo ankamveka kutsidya, anasiya kuyankhula. Ankangoyang'ana khoma. Chakudya chinkabwerera, ndipo pathako panayamba chilonda.

Tsiku lina masana, bambo Sakala akuwapatsa phala, mayiwo anakankha supuni.

"Bambo a Ivy, maliro anga munalira liti?"

"Mukuti chiyani, a Nambewe?"

"Ndikufunsa poti mwandiika kale m'manda. Kwatsala n'kufotsera. Ana a eni mumawaphunzitsa kuti mantha asawagwirire chiwongolero. Nanga m'nyumba muno akuyendetsa ndani?"

Bambo Sakala anatuluka panja. Anakakhala kuseri kwa nkhokwe, kolona ili m'manja, koma mapemphero sankatuluka. Mawa lake anaimbira foni Ivy, amene ndi mphunzitsi ku Mkanda, kuti abwere.

Ivy anayamba wapita kuchipatala kukafunsa kwa amene amathandiza anthu ofa ziwalo, ndipo anamulangiza zoyenera kuyang'ana pofuna njinga yatsopano: ikhale yomukwana wokhalapoyo, yopepuka kwa woikankha, ndi ya mabuleki ogwira. Anamvanso kuti paboma pali a Yakub, ogulitsa zipangizo za njinga zakapalasa, amene amaitanitsanso ndodo ndi njinga za olumala. Ana onse ndi akhristu a mumphakati, kagulu kawo kopempherera pamodzi m'mudzi, anagwirana manja posonkha ndalama kuti zitheke. Bambo Sakala ankafuna kuti Ivy akasankhe yekha, koma mayi Tabeth anakana.

"Wovala nsapato ndiye amaiyesa. Ndipita."

Anawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenako pa galimoto. Ulendo wonse bambo Sakala anagwira mkono wa akazi awo ngati wina akufuna kuwalanda.

A Yakub anali munthu wamkulu thupi, wansangala, ndipo m'sitolomo anali ndi akazi awo, mayi Sauda, amene anasamalirapo apongozi awo olumala kwa zaka zingapo. Anatulutsa njinga zitatu. Yoyamba inali yachitsulo cholemera ngati yakale ija, ndipo bambo Sakala anangoiyang'ana kamodzi n'kutembenuka. Yachiwiri inali yaing'ono, ya timateyala tating'ono tokhatokha, yoti wokhalapo sangaiyendetse yekha, mpaka wina amukankhe.

"Iyi ndiye yabwino," anatero bambo Sakala msangamsanga. "Singapite kulikonse popanda ine."

"Ndiye kuti inenso sindingapite kulikonse popanda inu," anayankha mayi Tabeth. "Tsiku limene mwagona ndi chifuwa chanucho, ine ndizikhala pakona ngati thumba la mtedza? Miyendo ndiyo inafa, bambo a Ivy. Manjawa ali moyo."

Mayi Sauda ndiwo anakoka njinga yachitatu. Inali ndi mateyala akuluakulu oti munthu n'kumadziyendetsa yekha ndi manja. Anadina kabatani pakati pa teyala, teyalalo n'kuchoka lonse, ndipo kunsi kwake kunaoneka kateyala kakang'ono. Anachotsanso linalo, njinga ija n'kusanduka yaing'ono yokankha ngati yachiwiri ija. Kenako anakoka pokhalira m'mwamba, njingayo n'kupindika.

"Ndi njinga ziwiri mu imodzi," anatero mayi Sauda. "Mayiwa akafuna kudziyendera, mateyala akulu. Mukafika pa minibasi kapena m'kanjira kothina ka kuchipatala, chotsani. Koma ndikuchenjezeni, timateyala tating'onoti musatidalire panjira ya kumudzi. Timatitimira mumchenga ndi m'matope. Ine ndinavutika nato ndisanadziwe."

Anawaonetsa mabuleki a wokhalapo, ndi mabuleki ena pa zogwirira za wokankha, onga a njinga yakapalasa. Panalinso lamba wa m'chiuno, ndi tizitsulo kumbuyo toletsa njinga kugwa chagada.

"Tainyamulani, bambo," anatero Ivy.

Bambo Sakala anakonzeka ngati akunyamula thumba la feteleza, koma njingayo inakwera ndi dzanja limodzi. M'malo mosangalala, nkhope yawo inagwa.

"Ayi, ayi. Chopepuka chonchi chingasunge munthu? Si chitsulo cha mapoto ichi? Chidzathyokera pakati pa njira."

A Yakub anaseka. Anaitambasula, n'kubwezera mateyala, n'kudziponyapo ndi thupi lawo lonse, akudzigwedeza uku ndi uku.

"Achimwene, ngati yandipirira ine, mayiwa ndi nthenga chabe."

Atawakhazika mayi Tabeth, Ivy analowetsa chikhatho pakati pa chiuno cha mayi ake ndi m'mbali mwa njinga, monga anamulangizira kuchipatala, ndipo anapeza kuti mpata unali waukulu kwambiri. A Yakub anakatenga ina yamtundu womwewo, yocheperako, ndipo chikhatho chinalowa bwinobwino osatsala malo. Anakonza popondera mapazi kuti maondo asakwere, n'kuikapo katsamiro kofewa chifukwa cha chilonda chija. Mayi Tabeth anagwira mateyala ndi manja awiri, n'kukankha. Njinga sinasunthe. Atacheuka anaona kuti amuna awo agwira zogwirira zonse ziwiri, mabuleki atawafinya mpaka zala kuyera.

"Tasiyani, bambo a Ivy."

"Panja pali msewu."

"Ndauona. Tasiyani."

Khonde la sitoloyo linali lotsetsereka pang'ono kulunjika kumsewu waukulu, umene mumadutsa malole opita kuchipata cha dziko. Bambo Sakala anayang'ana mwana wawo, anayang'ana a Yakub, koma palibe amene anawathandiza. Anamasula chala chimodzichimodzi. Njinga inatuluka pakhomo, n'kufika pakhonde, n'kuyamba kuyenda yokha potsetsereka paja. Nthawi yomweyo lole yaikulu inatulukira ikuliza hutala. Bambo Sakala anaona khwawa lija m'maso mwawo, matope ndi madzi, ndipo anagwada pansi. Anatsinzina, akudikira phokoso.

Phokoso silinamveke. Atatsegula maso, lole inali itadutsa, fumbi likutsika, ndipo akazi awo anali ataima m'mphepete mwa khonde, manja ali pa mabuleki. Anatembenuza njinga okha, pang'onopang'ono, n'kubwerera mpaka pamene amuna awo anagwada.

"Dzukani, anthu akuona," anatero, koma misozi inali m'masaya mwawo.

Mantha sanathere pomwepo. Lamulungu la Kanjedza litafika, mayi Tabeth anavala chitenje chawo cha Amayi Achikatolika n'kunena kuti akupita ku Misa. Bambo Sakala anachita chinthu chimene zaka zonse zija sanachitepo: anakapempha thandizo. Mayi Esitere, wapampando wa mphakati wawo, anabwera ndi amuna awo. Atafika pamtunda pa khwawa lija kumadzulo kunali kutada, mabingu akumveka patali. Bambo Sakala anaima nthawi yaitali, akupuma movutika. Mayi Esitere anati agwire iwo, koma anakana.

"Mukhale pambali panga basi. Ndikagwa, mugwire."

Anamanga lamba, n'kutembenuza njinga kuti itsike chambuyo, iwo ali kumunsi kwake. Anatsika phazi limodzilimodzi, akufinya mabuleki ndi kumasula, milomo ikuyenda. Atadutsa pa mwala uja sanauyang'ane. Pokwera tsidya lino mayi Tabeth anathandiza ndi manja awo, ndipo bambo Sakala anadabwa kuona kuti afika pamwamba chifuwa chisanawagwire. Amene tinali m'tchalitchi tsiku limenelo tikukumbukira mmene mayi Tabeth anadziyendetsera okha pamzere wokalandira Ukaristia, amuna awo akutsatira m'mbuyo manja ali m'malere, okonzeka kugwira, koma osagwira.

Zaka zotsalazo bambo Sakala anazigwiritsa ntchito pokonzekera tsiku limene iwo sadzakhalapo. Pambuyo pa mapemphero a mphakati ankatulutsa njinga ija n'kuphunzitsa aliyense kuchotsa mateyala, kuipinda, kutsika nayo potsetsereka, ndi kumusamutsa munthu kuchoka pabedi popanda kudzipweteka msana. Ankati, "Manja angawa ndi obwereka, mwini wake adzawafuna." Anaumba njerwa n'kukonza potsetserekera pakhomo la nyumba yawo, ndipo anavutitsa akuluampingo mpaka pakhomo la tchalitchi anakonzaponso. Mayi Tabeth anayambanso kuphika, kusenda mtedza pakhonde ndi kukalipira nkhuku. M'mudzimo mukadwala munthu wosatha kuyenda, iwo ankasamukira pamphasa n'kubwereketsa njinga yawo kuti wodwalayo akafike kumsewu.

Chaka chino mvula itangosiya, miyendo ya bambo Sakala inatupa ndipo mpweya unayamba kuwachepera. Anagonekedwa kuchipatala, kenako anapempha kuti abwerere kwawo. Bambo mfumu atabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, anawafunsa ngati ali okonzeka.

"Bambo, ndanyamula Ambuye kupita nawo kwa anthu ambiri akufa, ndipo ndinkawauza kuti asaope. Koma ine ndikuopa."

Wansembeyo anawauza kuti Ambuye amene anawanyamula aja akuwadziwa bwino, ndipo sadzadabwa nawo.

M'masiku omaliza ntchito inatembenuka. Mayi Tabeth ndiwo ankabwera ndi beseni la madzi pamiyendo, akudziyendetsa kuchokera kukhitchini, n'kuwapukuta nkhope ndi kuwamwetsa phala. Bambo Sakala ankawatsatira ndi maso kuchokera pakhomo mpaka pabedi. M'mawa wa tsiku lawo lomaliza, kuwala kwa dzuwa kutalowa pazenera, ana ndi akhristu angapo atazungulira, anapemphera kolona yonse pamodzi. Itatha anatambasula dzanja kwa akazi awo.

"A Nambewe, mudzatha?"

"Mwandiona nokha."

"Ndikuopabe."

"Opani, koma pitani. Mwakhala mukutero moyo wanu wonse."

Bambo Sakala anamwetulira. Anapempha kuti awatembenuzire kumene kunali mtanda pakhoma, anapuma mofatsa kwa kanthawi, ndipo anagona osadzukanso.

Pa tsiku la maliro mayi Tabeth anatsatira bokosi akudziyendetsa okha kuchokera kunyumba mpaka kumanda, amayi a mumphakati akungowagwirira pokwera ndi potsika. A Yakub ndi mayi Sauda a paboma aja, amene ndi Asilamu, anatseka sitolo n'kubwera kudzakhala nafe.

Bambo Cyprian Sakala sanasiye chuma, ndipo sanachite chozizwitsa chilichonse. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene ankaopa tsiku lililonse koma n'kumapitabe kumene watumidwa, ndiponso amene atazindikira kuti mantha ake atsekera mnzake m'nyumba, anavomera kuwongoleredwa. Ambuye amene anawatumikira awalandire kumene kulibenso choopsa.

Mayi Tabeth akubwerabe ku Misa yoyamba. Pamalo athyathyathya safuna wowathandiza, ndipo mukayesa akukalipirani. Koma inu amene mumadzera njira ya ku Kanyerere Lamulungu m'mawa, mukawapeza ataima pamtunda pa khwawa akuyang'ana uku ndi uku, musadikire kuti wina akutumeni. Ikani buku lanu la nyimbo pamiyendo pawo, mugwire zogwirira, mutsike nawo chambuyo.